Mainesi Apezera Amayi Ake Malo mu Laputopu

Mukafunsa anthu a kwathu amene anakhalako ku Hillbrow zaka zimenezo kuti Mainesi ndi uti, adzakuyankhani kuti ndi mayi uja wa laputopu. Palibe adzanene kuti ndi uja wa ku Balaka, kapena uja wa mawu okoma m'kwaya, kapena uja amene manja ake anasupuka ndi mankhwala otsukira mabafa a eni ndalama ku Fourways. Anthufe timakumbukira munthu ndi chimene tinkamudyerapo, zinazo timaiwala msanga.

Mainesi anafika ku Joni mu 2009, atakhalira thumba la usipa kumbuyo kwa basi, kutsatira mwamuna wake Aloysius amene anatsogola kudzagwira ntchito yomanga nyumba ku Midrand. Mwana wawo Esime anamusiya kumudzi m'manja mwa agogo ake, amayi a Mainesi, akuti akakhazikika adzamutenga. Koma ku Joni munthu sakhazikika, amangozolowera kuthamanga. Mainesi anazolowera kuima pamzere wa takisi chikwama atachikumbatira pachifuwa, ndi kulowa pageti la ku Fourways alonda akumuyang'ana ngati aka n'koyamba kumuona. Anali munthu wosayankhulayankhula. Ukamulakwira sankakubwezera pomwepo, ankangokuyang'ana, ndipo ambiri ankayesa kufatsako n'kupusa.

Iye ndi mwamuna wake ankachita lendi chipinda chimodzi m'fulati ya pamwamba kwambiri, m'chinyumba chimene lifiti yake inafa iwo asanabwere. M'zipinda zinazo munali mabanja ena a kwathu komweko, ndipo pabalaza anadulapo ndi nsalu kuti Rozina, mayi wa ku Thyolo woluka anthu tsitsi m'mbali mwa msewu, apeze pogona. Laputopuyo Mainesi anamupatsa ndi madamu amene ankawagwirira ntchito ku Fourways, atagula yatsopano. Batire yake inali itafa, moti inkangoyaka ikakhala pamagetsi ngati wodwala wa pa diripi, koma Mainesi anaisokera kansalu kovindikira ndipo ankaipukuta kuposa nsapato zake za kutchalitchi.

Kuti mumvetse mmene laputopu ya munthu mmodzi inasandukira nkhokwe ya mudzi wonse, muyenera kudziwa mmene zakumudzi zimawapezera anthu kuno. Ambiri mapepala awo anatha kalekale, ndipo akatuluka pa malire a Beitbridge sadziwa ngati adzalowanso. Ndiye ukwati wa mng'ono wako, ubatizo wa mwana wako, chiliza cha bambo ako, zonsezi zimachitika iwe kulibe. Abale amaitana wojambula vidiyo, vidiyoyo n'kuikidwa pa fulashi ya transipota, mmodzi wa madalaivala aja onyamula katundu wa anthu pakati pa Joni ndi kumudzi. Transipota akafika amakutsitsira vidiyo yako, fulashi yake n'kutenga. Foni za masiku amenewo zinkadzadza ndi zithunzi zochepa chabe, ndiye aliyense ankakwera masitepe aja, kugogoda, n'kunena mwaulemu kuti, “Mayi Mainesi, tisungireniko.” Iye sankakana. Kwawo anakula akudziwa kuti moto ndi mchere sumana mnansi, ndipo ankaona kuti malo a mu laputopu n'chimodzimodzi. Chifundo chinapha nkhwali, koma Mainesi ankati iye si nkhwali.

Komabe amene anaidzadzitsa laputopuyo si anansi ayi. Mu 2016 Aloysius anabwera ndi kabokosi kakuda kolumikiza ku TV. Anakagula kwa mnzake Tichaona, wokonza mafoni wa ku Zimbabwe amene agogo ake anachokera ku Dedza n'kukathera m'migodi ya kumeneko. Kabokosiko kankatha kutenga mafilimu pa intaneti, koma data ya ku Joni si yoseweretsa, choncho Tichaona anakonza zoti kazikoka mafilimu mu laputopu ya Mainesi n'kumawaponya pa TV popanda waya. Kuyambira tsiku limenelo Aloysius anasanduka mwini sinema. Lamlungu lililonse ankabwera ndi mafilimu atsopano, a nkhonya, a ku Nigeria, a zigawenga za ku Amereka osatha aja, ndipo anzake ankadzadza pabalaza mpaka Rozina kusowa popondera. Filimu akaonera sankaifufuta, ankati adzaoneranso. Tsiku lina wina atafufuta gawo limodzi mwangozi, Aloysius anakwiya ngati amuthyolera m'munda, ndipo Tichaona anamutsekera mbali yake yonse ndi pasiwedi.

Tangoganizani, laputopu ya mkazi, yopatsidwa chifukwa cha thukuta la mkaziyo, mwamuna n'kumangamo chipinda chake n'kukhoma, kiyi n'kuika m'thumba. Kamzere kosonyeza malo otsala kanafiira. Laputopu inayamba kuchedwa kuyaka, ikulira ngati chigayo. Mainesi akanena, yankho linali limodzi: “Ndichotsa, make Esime, ndichotsa, relax.” Sanachotse ngakhale imodzi.

Uthenga wa maliro unamupeza akusita malaya a abwana ku Fourways. Anaimba ndi mchimwene wake Elia, kunena kuti amayi agwa pochokera kudimba ndipo sanafike n'kuchipatala komwe. Anawaika mawa lake. Ngakhale akanakhala ndi mapiko, Mainesi sakanapita, pakuti pasipoti yake inali itapitirira masiku ndipo kutuluka kunali kutaya ntchito imene inkadyetsa Esime. Madamu anamugwira paphewa, n'kumulola kuweruka masana. Anthu a kutchalitchi anabwera kufulati, anaimba, anapemphera, n'kubalalika. Koma maliro opanda bokosi, opanda dothi, mtima wa Mainesi unawakana. Misozi inkakana kutuluka. Pamzere wa takisi ankapezeka waimba nambala ya amayi ake, n'kumamvetsera mawu a makina aja onena kuti foniyo yazimitsidwa. Ankadziwa kuti mpaka ataona ndi maso ake bokosi likutsikira m'manda, sadzalira ndipo sadzagona tulo tabwino.

Elia anali ataitana wojambula. Vidiyoyo inali yaikulu moti sikanatheka kutumiza pafoni, ndiye anaipereka kwa Binali, transipota wa ku Mangochi. Anachenjezeratu kuti ina kulibe, chifukwa wojambulayo nayenso kompyuta yake inali yodzadza ndipo akangopereka ntchito ankafufuta kuti ajambule maliro otsatira.

Binali anafika Lamlungu masana, Mainesi atangochokera kutchalitchi. Analowa ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu, akutukwana masitepe.

“Achemwali, pepani ndi zovutazi. Koma tipange fast. Galimoto ndaisiya pamsewu ili ndi ngolo yodzadza katundu wa anthu, ndipo Hillbrow mukuidziwa.”

Mainesi anavundukula laputopu, kuiyatsa, n'kudikira kuti imalize kubuula kwake. Analowetsa fulashi n'kupeza vidiyo yolembedwa dzina la amayi ake. Atayesa kuikopera, laputopu inatulutsa kauthenga konena kuti malo ndi osakwanira. Anayesanso, ngati kuti makina amamva chisoni. Kauthenga kanali komweko.

“Ndisiyireni fulashiyi, achimwene, mudzaitenga mawa.”

“Ayi, achemwali, zimenezo ndinaleka. Muli ukwati wa anthu a ku Midrand umu, muli ziliza ziwiri, onsewo akundidikira lero. Ndikamaliza ndifufuta zonse, ndiikemo za kuno zopita kumudzi. Ndinasiyapo fulashi pakhomo pena, mpaka lero anthu amanditukwana.”

Rozina, amene anali atatuluka kuseri kwa nsalu yake, anati athamange akagule fulashi kwa anyamata a pakona. Mainesi anapukusa mutu. Anagulapo kale fulashi ya pamsewu yolembedwa kuti ndi yaikulu, n'kuikamo zithunzi zonse za Esime, ndipo atafuna kuzitsegula anapeza zonse zitawonongeka. Amayi ake sakanawapereka kwa akuba amenewo. Anatenga foni n'kuimbira mwamuna wake, amene anali kwa Tichaona kukatenga mafilimu ena.

“Bambo a Esime, a Binali abwera ndi vidiyo ya maliro, koma malo mulibe. Ndiuzeni pasiwedi ndichotseko mafilimu anuwa.”

“Eish, iwe, usayerekeze. Ndili pakati pa season, sindinamalize. Auze adikire.”

“Sangadikire. Ndichotsa amene munaonera kale okhaokha.”

“Ungawadziwe iwe? Udilita zolakwika. Ndikubwera manje manje.”

Mainesi ankaidziwa manje manje ya mwamuna wake. Inkatha kufika dzuwa litalowa.

“Akachoka pano vidiyoyi yapita, bambo a Esime. Ina kulibe.”

Kumbali inayo kunamveka kuseka kwa anzake ndi kulira kwa mabotolo. Kenako Aloysius anayankhula ndi mawu aja amene amuna amayankhulira akafuna kuti anzawo amve kuti pakhomo pawo amalamula ndi iwo.

“Make Esime, ukufuna ndisiye anthu pano ndithamange chifukwa cha vidiyo? Amayi anaikidwa kale. Uonere lero, usaonere, sadzukanso.”

Mainesi sanadule foni mwaukali. Anaichotsa kukhutu pang'onopang'ono n'kuiika pathebulo. Koma m'kati mwake munali moto umene anali asanaumvepo. Mwamuna ameneyu amayi a Mainesi anamulandira ali ndi buluku limodzi. Anamupatsa munda, anamuphera nkhuku, anamulerera mwana zaka zonsezi osadandaula, ndipo popita ku Joni anamugulitsira mbuzi kuti apeze yokwerera. Lero mayi ameneyo ankasowa pogona m'nyumba ya mwana wake chifukwa malo anatenga ndi azungu owomberana mfuti. Kunena zoona, mawu amene Aloysius ananenawo ngakhale woledzera wa pamsika akanachita nawo manyazi.

Binali anali pawindo, khosi atalitulutsa kunja, akuyang'ana galimoto yake pansi. “Achemwali, pali anyamata ayamba kuzungulira ngolo. Chitanipo kanthu.”

Mainesi anatsegula mbali imene ankaitha, ija ya zosungitsa. Munali ukwati wa mwana wa a Nasibu a chipinda chapakati, amene ankauonera mwezi uliwonse akulira. Munali chiliza cha mwamuna wa mayi wina amene anasamukira ku Midrand koma ankaimbabe foni kufunsa ngati chilipo. Munalinso vidiyo ya mwana wa Rozina akulandira mphatso kusukulu.

“Fufutani yangayo, sisi,” anatero Rozina. Pakamwa pankanena zimenezo koma maso ake anali pa kamwana kovala yunifolomu kaja, ndipo zala zake zinali zitafinya chitenje.

“Ayi. Munandisungitsa, simunandipatse.”

Chosungitsa sadya, ngakhale njala itavuta bwanji. Amayi ake omwewo ndi amene anamuphunzitsa zimenezo, ndipo sakanawaika m'manda pofukula a anzake. Ndiye anayang'ana zake. Zinali zochepa zomvetsa chisoni: nyimbo za kwaya, zithunzi zingapo, ndi chinthu chimodzi chokha chachikulu, vidiyo ya ukwati wake ndi Aloysius. Chimbale chake chinasweka posamuka, ndipo imeneyi inali yokhayo yotsala padziko lonse.

Za Aloysius wovala suti yobwereka sizinamukhudze n'komwe pa nthawi imeneyo. Chimene chinamuimitsa dzanja n'chakuti mu vidiyomo munali amayi ake amoyo. Anali pa pelekanipelekani, atamanga chitenje chatsopano m'chiuno, akuvina chobwerera m'mbuyo uku akuponya ndalama m'lichero, akululutira mpaka duku kugwa. Mainesi ankadziwa pamene dukulo limagwera, ankadziwa mmene amaliwerama n'kulitola osasiya kuvina.

“Sisi, musatero,” Rozina ananong'ona ataona pamene kamuvi kaloza. “Amayi ali momwemo.”

“Ndikudziwa. Amayi ovina ndinawaona ndi maso anga, ndinalipo. Amayi ogona sindinawaone.”

Sanaitsegule kuti aione komaliza, chifukwa ankadziwa kuti akaitsegula safufuta. Anadina. Laputopu inamufunsa ngati akutsimikizadi, iye n'kuvomera. Malo anapezeka, ongokwanira ndendende, ndipo vidiyo ya maliro inayamba kulowa mwa kachedwedwe kake, Binali akupondaponda pansi. Itangomaliza anazula fulashi yake, anapepesanso, n'kutsika masitepe akuthamanga.

Mainesi sanaonere nthawi yomweyo. Maliro saonera ngati filimu, munthu utatsamira pampando. Anakankhira mipando yonse kukhoma, anayala zitenje pansi, anavula nsapato ndi ndolo, n'kumanga duku lakuda. Anatuma Rozina kukagogoda m'zipinda ndi m'mafulati oyandikana kuti amayi afika. Azimayi anabwera mmodzimmodzi atamanga zitenje, n'kukhala pansi miyendo atatambasula, pakuti maliro n'kulirana. Kenako Mainesi anayatsa kabokosi ka mwamuna wake kaja, ndipo bwalo la kwawo ku Balaka linadzadza pa TV yonse, ndi mtengo wa mango, ndi khonde limene anakulirapo.

Ataona bokosi likutuluka m'nyumba, misozi imene inkakana ija inakhuthuka. Analira mokweza, kuitana amayi ake, kuwafunsa kuti Esime amusiyira ndani, ndipo azimayi aja anamuthandiza kulira, aliyense akulirira pomwepo ake amene sanawaike. Kwaya ya pa TV ikayamba nyimbo, a m'fulati ankailandira.

Aloysius analowa maliro ali pa njira ya kumanda. Kumbuyo kwake kunali Tichaona ndi anzake ena, atanyamula jumbo ya mabotolo, akukangana za filimu imene ayambire. Phokoso lawo linathera pakhomo. Mwamuna wa kwathu angapuse bwanji, sadutsa pamaliro chipewa chili kumutu. Tichaona, amene kumudzi kwa agogo ake sanapondeko, ndi amene anayamba kuvula kapusi. Jumbo ija anaibisa kuseri kwa chitseko, ndipo onse anakhala pansi m'khonde, monga amuna amakhalira panja pa siwa. Aloysius anatsala ataima yekha, akuyang'ana TV yake, kabokosi kake, ndi apongozi ake atanyamulidwa pamapewa a anthu. Palibe mayi ndi mmodzi yemwe amene anamusunthira malo. Anadzipanikiza pakona, pafupi ndi mkazi wake, n'kunjuta.

Anapirira mpaka pamene adzukulu anayamba kutsitsa bokosi. Koma nkhawa yake inali pomwe inali, ndipo anaweramira kukhutu kwa Mainesi.

“Make Esime, malo unawapeza bwanji? Sunakhudze zanga?”

Mainesi sanatembenuke. Anadikira mpaka dothi loyamba litagwera pabokosi, n'kupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje. Anayankha mosanong'ona, kuti ndi a m'khonde omwe amve.

“Zanu zonse zilipo, ngakhale imodzi sinasowe. Ndafufuta vidiyo ya ukwati wathu.”

“Ya ukwati? Koma ina kulibe.”

“Kulibe. Munali amayi anga akuvina, bambo a Esime. Ndawachotsa amoyo kuti ndiwalandire akufa, chifukwa inu munakana kusuntha.”

Pa TV makasu ankalirabe. Aloysius anayang'ana kwa anzake m'khonde, ndipo onse anali atazyolika.

Manda atawumbidwa, mkulu woyendetsa mwambo anayamba kuitana oyala nkhata. Anaitana Elia ndi mkazi wake, iwo n'kupita awiriawiri. Anaitana alongo a malemu. Kenako anakweza mawu n'kunena kuti tsopano ndi nkhata ya mwana wawo Mainesi pamodzi ndi mkamwini wawo bambo Aloysius, amene ali ku Joni. Wojambula anatembenuzira kamera kugulu la anthu. Kwa kanthawi palibe anadzuka. Kenako panatuluka Esime, wamtali kuposa mmene makolo ake ankamudziwira, atavala diresi yomuchepera, atanyamula nkhata ziwiri yekha.

Mainesi anatenga rimoti n'kuimitsa vidiyo pomwepo, mwanayo ali pakati pa njira. Apa ndi pamene anatembenuka n'kumuyang'ana mwamuna wake m'maso.

“Akuitanani apongozi anu. Dzukani, muime mpaka mwanayu afike.”

Aloysius anadzuka, n'kuima pakati pa azimayi okhala pansi, manja ali kumbuyo, mutu uli pansi. Mainesi anadinanso rimoti, ndipo Esime anapitiriza kuyenda kupita kumanda a agogo ake.